Adona Opanda Kaliyala

Mwaseka mokwanira, ana inu. Kuyambira dzulo mukungotsinana mukandiona, ati anganga apenga, akulalatira nkhalamba inzawo chifukwa cha tizitsulo. Bwerani kuno nonse. Tadala, siya kansanzako, njingayo siithawa. Yamikani, foniyo ika m'thumba, nkhani iyi mulibe mmenemo. Agogo anuwo asiyeni pakhondepo, akunamizira kugona. Makutu awo amafa ndikamawatuma basi.

Mukuiona mfundo iyi kumapeto kwa nsalu yanga? Inu mumayesa ndimamangapo ndalama ya chopereka. Muli mabawuti anayi, aang'ono ngati nandolo. Nsalu zatha zambiri, zina kung'ambika, zina kupita ku maliro, koma mfundoyi imangosamuka. Lero mumve chifukwa chake, kenako mudzaseke bwino.

Ine ndinakwatiwa chifukwa cha kaliyala, ndisakunamizeni. Agogo anu nkhope yoti mtsikana n'kusiya mtsuko pachitsime analibe. Chimene anali nacho ndi njinga yakuda, ija yolemera ngati mwana wa ng'ombe, ya belu lomveka kutsidya kwa mtsinje. Kumbuyo kwake kunali kaliyala wotakata ngati lichero. Masiku amenewo mkazi sankakhala motang'adza ngati mmene mukuchitira inu pa njinga zamoto za kabazazi, kukumbatira munthu amene ngakhale dzina lake simukulidziwa. Tinkakhala chammbali, miyendo pamodzi, nsalu yopinda bwino kuti isalowe m'masipoko, dzanja limodzi litagwira malaya a mwamuna apa m'chiuno. Mphete ife sitinkazidziwa. Munthu akafuna kudziwa kuti uyu ndi mkazi wa yani, ankangoona kaliyala amene wakhalapo Lamulungu popita ku tchalitchi.

Kaliyala ameneyo ananyamula makaka kupita kuchigayo, ananyamula nkhuni, mbuzi yomanga miyendo, ngakhale chitseko cha nyumba ino. Esinala, mayi ako iwe Tadala, ndinapita naye kuchipatala pa Boma ali m'mimba, ndinabwera naye ali kumsana, ulendo wonse pa kaliyala yemweyo. Pokwera chitunda ndinkatsika, agogo anu n'kumakankha, ine n'kumawauza nkhani za m'mudzi. Nkhani zambiri za banja lathu tinakambira pa zitunda.

Ntchito ya agogo anu inali ya msana. Ali mnyamata ankatsitsa matabwa a mkungudza pamutu kuchokera m'phirimu. Atakula anayamba kunyamulira alendo katundu pa Likhubula, kukwera nawo ku Chambe, kugona komweko, kubwera mapewa atatupa ndi zingwe za zikwama. Ine ndinkawathowa ndi madzi otentha. Muzikumbukira zimenezo, chifukwa ndi manja anga awa amene ankathowa, osati njinga.

Zinthu zinasokonekera chaka china titangozolowera zovota zipani zambiri, anthu atayamba kulankhula mokweza m'minibasi zimene kale tinkanong'onezana kumunda. Mzungu wina wa ndevu zofiira, wogwira ntchito ku Blantyre, anaterereka pamwala potsika ku Chambe kuli chiperoni, mwendo n'kuthyoka. Agogo anu anasiya chikwama pathengo, anamubereka munthu wamkulu ngati khanda mpaka pansi. Nkhani tinaiiwala. Koma tikukolola nandolo, tinangoona galimoto yaima apo pali mpoza, pamwamba pake atamangapo njinga. Mzungu uja anatsika akutsimphina. Anati njingayo anaigula ali mnyamata kwawo, yayenda naye mapiri ambiri, koma mwendo wake sudzamulolanso, ndiye ikhale ndi munthu wodziwa phiri.

Mudzi wonse unakhamukira pano. Anthu ankayang'ana kutsogolo, ku mahandulo owongoka ngati ndodo, ku magiya, ku utoto wobiriwira ngati nsonga za tiyi. Ine ndinazungulira kumbuyo, poti kwanga kunali kumeneko. Kunalibe kanthu. Madigadi analibe, kaliyala analibe, tayala lokha lamanomano ngati khungu la chinanazi, likungozungulira pamtunda ngati munthu wosavala.

Ndinati, “Bambo a Esinala, nanga pokhala ine ndi pati?”

Iwo osandiyang'ana n'komwe, amvekere, “Dikirani kaye amake Esinala, tamverani izi.” Anakhoma mtanda wa njingayo ndi chikhadabo. Unalira kuti ngweee, ngati kabelu ka kuguwa, mawu ake kumapita osatha. Amuna onse anati, “Eee!” Agogo anu anamwetulira kumwetulira kumene ine ndinakuona komaliza tsiku la chinkhoswe chathu. Pomwepo ndinadziwa kuti m'nyumba mwanga mwalowa mkazi wachiwiri.

Ndine ndinaitcha dzina loti Adona. Dona sasenza katundu, dona sagona panja, dona sakhudza matope. Njinga yakuda ija inkagona m'khitchini limodzi ndi nkhuku osadandaula. Adona anagona kuchipinda, mutu wawo kumutu kwathu. Thaulo limene ndinagula ndi ndalama ya ganyu yothyola tiyi linasanduka lopukutira Adona. Sabata isanathe, agogo anu anapereka yakuda ija kwa mwana wa achemwali awo ku Muloza, osandifunsa, ati njinga ziwiri pakhomo ndi kudzionetsera. Kaliyala wanga anapita choncho, ndikuona ndi maso.

Agogo anu anakhala ngati adya matako a galu. Akatsika m'phiri, m'malo mopuma ankakwera Adona, ulendo wa m'tinjira ta m'minda ya tiyi, kukwera zitunda zimene anzake ankakankha, kubwera akuseka yekha. Lamulungu iwo ankatsogola, ine pambuyo wapansi, Esinala kudzanja, wina kumsana, fumbi la Adona kumaso. Amayi anzanga pakamwa sanandisiye. “Amake Esinala, lero akusiyaninso? Kapena wamng'onoyo salola?” Ndinkaseka nawo, koma kunena zoona ana inu, zinkandiwawa. Ndinkachita nsanje yeniyeni, yotentha pachifuwa, ndi chitsulo chopanda maso.

Ndinayesa mwaulemu. Ndinati pa Chitakale pali owotcherera, amamata kaliyala pa njinga iliyonse, tiyeni tikamatitse. Agogo anu analumpha ngati apondapo moto.

“Mukufuna kumuwotcha?” Mwamva? Kumuwotcha, ngati munthu. “Mapaipi awa ndi opyapyala ngati tsamba. Moto wa pa Chitakale ukangokhudza, abooka. Njinga iyi sanaipangire kaliyala, amake Esinala. Ndi mmene inabadwira.”

Nkhani ndinakaitula kwa ankhoswe. Inde, sekani, koma ndinapita. Anabwera atsibweni anga a Nampinga, munthu woopedwa, amene akatsokomola mkamwini ankaima. Anakhala pampando, anayamba bwino zedi. Anati mapanga awiri avumbwitsa, mwamuna asamale mkazi amene anamupeza pamudzi. Kenako anati, “Tatulutsani wolakwayo timuone.” Agogo anu anatulutsa Adona ndi dzanja limodzi, kuwanyamula m'mwamba ngati nkhuku. Atsibweni anadzuka. Ananyamula nawonso, anayang'ana kunsi, anakhoma mtanda ndi chikhadabo. Ngweee. Anakhomanso. Kenako ndinangomva, “Akamwini, tingayese pang'ono mpaka pa mlathopo?” Anabwera thukuta lili kamukamu, mano onse pamtunda, chigamulo chawo n'kukhala chakuti, “Mwanawe, pirira. Chinthu ichi si cha moto wa owotcherera.” Mlandu ndinaluza choncho, nkhoswe wanga yemwe atakopeka.

Tsono mverani, pakuti apa ndi pamene Tadala amadabwa kuti anganga osapalasa njinga amaidziwa bwanji chonchi. Amene amadziwa kukongola kwa mkazi si mwamuna wake ayi. Ndi mkazi mnzake, chifukwa iyeyo amayang'ana pofuna chilema.

Nthawi ina agogo anu anakwera ndi alendo ku Chambe, okagona masiku. Kunali mvula yosalola khasu. Ndinawatulutsa Adona kuchipinda, ndinawaimika pakhomo powala, ndinakhala pamphasa. Mumtima ndinati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, lero nyererezo ndizipeza. Ndinayambira kutsogolo. Foloko yake si yowongoka ngati ya njinga zanuzi, imatsika bwinobwino kenako n'kupindikira kutsogolo kumapeto ngati chikwakwa, ndipo kupindika kumeneko ndi kumene kumameza mabampu. Ndinayendetsa chala pamene mapaipi amakumana. Ndinkayembekeza zotupatupa zija amasiya owotcherera, zangati zitosi za nkhuku. Panalibe. Paipi iliyonse inalowa m'kachisoti kake kachitsulo kosongoka bwino, ngati mkono m'malaya osokedwa ndi telala wodekha. Mtanda wake wowonda, wowongoka, wosadzikuza. Kumbuyo timapaipi tiwiri toonda ngati chala changa chaching'onochi timatsika kuchokera pansi pa chishalo kukagwira tayala, ndipo ukaona umati tithyoka lero, koma taonani mpaka pano tilipo.

Ndinakhomanso ine ndemwe ndi chikhadabo, nditayang'ana kaye ngati kulibe wondiona. Ngweee. Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa analidi okongola.

Njinga zimene mukuzitama masiku ano, zamapaipi onenepa ngati mwendo wa munthu wodwala, zamasipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, takakhomani mumve. Zimangoti phwa, ngati beseni long'aluka. Chaka chimodzi zayamba kulira paliponse. Ine Adona ndimadana nawo, koma sindingawayerekeze ndi zimenezo. Mkazi mnzanga anali wa mtundu.

Ndiye ndikupukuta matope pafupi ndi pamene tayala lakumbuyo limamangidwa, chala changa chinagwa m'kabowo. Kabowo kakang'ono, kozungulira bwino, pa kakhutu kachitsulo kotulukira pafelemu. Mbali inayo kanaliponso. Ndinakwera ndi maso timapaipi toonda tija, ndinapezanso tiwiri pansi pa chishalo, kena uku kena uku. Ndinatenga kamtengo ka machesi n'kupisamo. Munali timizere tozungulira ngati pakamwa pa botolo la mafuta. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma ndimadziwa kuti munthu saboola chitsulo n'kuikamo timizere kuti mphepo izidutsa. Mabowo anayi, awiri pansi, awiri pamwamba, onse kumbuyo. Ndinaimirira chapatali n'kuyang'ana, ndipo kaliyala ndinamuona ndi maso a mumtima, miyendo yake pansipo, manja ake pamwambapo.

Agogo anu atatsika m'phiri ndinawalandira, ndinawathowa mapewa, ndinawapatsa kalongonda wawo. Atakhuta ndinabweretsa Adona, n'kuloza.

“Bambo a Esinala, timabowo iti n'tachiyani?”

Akanati sakudziwa, ndikanawakhulupirira. Koma anayang'ana pansi, n'kuyamba kutokosa dothi ndi chala chakuphazi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

“Ndafunsa ine.”

“N'ta kaliyala,” anatero. “Womanga ndi mabawuti, wosafuna moto. Mzungu uja anandionetsa tsiku lomwe lija.”

Ndinati, “Ndiye kuti munthu wa kutsidya kwa nyanja amene anapanga njingayi, amene sanandionepo, anandisiyira malo. Inu amuna anga, amene ndinakuberekerani ana, malowo munandibisira. Chifukwa chiyani?”

Anadzisisita paphewa. Kenako anati, “Amake Esinala, ine chibadwire ndimasenza. Matabwa, zikwama, azungu amene. Ndikakwera njinga iyi ndi pokhapo pamene ndimayenda kumbuyo kwanga kulibe katundu.”

“Ndiye ine ndine katundu?”

Anatsegula pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo mawu sabwezedwa ngati chenje. Lero nditakalamba ndimamva chimene ankatanthauza, poti mapewa aja ndinkawaona ndine. Koma tsiku limenelo sindinafune kumva. Pano ndi pamudzi pa amayi anga, wochoka akanakhala iwo. Sindinawathamangitse. Ndinangotenga bulangete lawo n'kukaliyala pabalaza pafupi ndi Adona, n'kuti, “Gonani ndi wopepukayo.” Ndinkawaphikira, ndinkawachapira, koma kulankhula ayi. Anthu amene tinkakamba nkhani pa chitunda chilichonse tinakhala m'nyumba imodzi ngati alendo a pa depoti.

Linali dzinja, mpaka chimanga chinamasula ngayaye tili choncho. Tsiku lina m'mawa anavala jekete, anakwera minibasi osanena kopita. Anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula kaliyala wakuda amene anapangitsa kwa owotcherera, njinga ili kutali ndi moto, atangopita ndi miyeso ya kachingwe. M'thumba la jekete anatulutsa kapepala kokulunga mabawuti anayi. Anati a pamsika pano onse anakana kulowa, timizere take n'tosiyana, anachita kukawasaka ku Limbe sitolo ndi sitolo. Mitu yake inali ndi kabowo pakati, kolowetsamo kakiyi kopindika ngati mbedza. Anagwada pansi, anamanga limodzilimodzi, ine ndikuyang'ana pazenera ngati sindikufuna. Atamaliza anayala thaulo langa lija pa kaliyala, analipinda kawiri.

“Amake Esinala,” anatero, “tiyeni pa Boma tikagule mchere.”

Mchere unalimo m'nyumba wodzaza chitini. Ndinakavala nsalu yatsopano.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinakhala chammbali, ndinagwira malaya m'chiuno. Adona sankagunda ngati yakuda ija, ankangonyamuka pang'ono pabampu n'kukhalanso. Titafika pa chitunda chija ndinkatsikapo masiku onse, ndinayamba kutsetsereka kuti nditsike. Iwo amvekere, “Khalani.” Anakankha kachitsulo ka pahandulo ndi chala chachikulu, tcheni chinati khethe, miyendo yawo inayamba kuzungulira mofulumira, ndipo tinakwera chitunda chonse ine ndili phee ngati mkazi wa bwana. Pamwamba anati, akupuma mwamphamvu, “Mwaona? Simulemera. Koma musanenepe, mabawutiwa ndi aang'ono.” Ndinawamenya kumsana. Tinaseka mpaka pa Boma, ndipo mchere tinaiwala kugula.

Mukuganiza nkhani yathera pamenepo? Simukundidziwa. Kaliyala sasankha, ana inu. Njinga ili yopanda pokhala, palibe mkazi ankawaimitsa agogo anu pamsewu. Itangokhala ndi kaliyala, aliyense anayamba kumva kupweteka kwa miyendo. Othyola tiyi poweruka, opita kusikelo, obwera ku maliro, onse ankafuna kulawa Adona okwera chitunda osatsitsa munthu. Agogo anunso pakamwa pawo mawu oti ayi anawaiwala m'phiri. Ndinapirira wina, ndinapirira wachiwiri. Kenako tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinakumana nawo pamlatho atanyamula Filesi.

Filesi mukumudziwa, uja amakhala kuseri kwa chigayo, amayenda ndi ndodo uja. Musamuone lero. Nthawi imeneyo ankagulitsa zinanazi pamsewu, wakanjira m'mano, mwamuna wake atapita ku Joni osabwerera. Anakhala chammbali pa thaulo langa, miyendo pamodzi, dzanja litagwira malaya a amuna anga m'chiuno. Malo enieni aja. Atandiona anandipatsa moni mokoma, “Mwaswera bwanji achemwali,” dzanjalo osachotsa.

Sindinakuwe pamsewu, amayi anga anandilera bwino. Agogo anu atafika kunyumba n'kupita kukasamba, ndinatenga kakiyi kopindika kaja pamwamba pa chitseko. Ndinali nditaonerera pazenera paja, ndinkadziwa kozungulizira. Ndinamasula mabawuti onse anayi, kaliyala ndinamupachika pa msomali pakhonde, mabawuti ndinamanga pansalu. Apa ndi pamene ndinamudalitsa munthu wa kutsidya kwa nyanja uja. Akanakhala kaliyala wowotcherera ngati ndinkafunira ine poyamba, ndikanatani? Filesi akanakwera mpaka kukalamba.

Agogo anu atatuluka kubafa anayang'ana njinga, anayang'ana msomali, anayang'ana mfundo ya pansalu yanga.

Ndinati, “Munkafuna kuyenda opanda katundu. Yendani. Tsiku lopita ine, mudzapempha.”

Sanakangane nane. Anangopukusa mutu akumwetulira. Kuyambira pamenepo lamulo linali limenelo. Pa ulendo wawo, Adona ankayenda osavala monga anabadwira, ndipo amayi a pamsewu miyendo yawo inachira. Lamulungu m'mawa, kapena tsiku la kuchigayo, kapena mwana akadwala, ankabwera pakhomo la khitchini atagwira chipewa, munthu wamkulu, “Amake Esinala, tabwerekaniko mabawuti.” Ine n'kumasula mfundo mosafulumira. Pobwera ankamasula okha n'kundibwezera m'manja, ine n'kuwerenga ngati onse alipo. Anthu ankatiseka m'mudzi muno, ena ankati ndinawadyetsa khuzumule. Ine sindinkasamala. Ndinkagona tulo chifukwa ndinkadziwa kuti kiyi wa malo anga ali m'chiuno mwanga. Ana anakula, anakwatiwa, inu munabadwa, mawondo a agogo anu anatha, Adona anabwerera kuchipinda n'kumangopukutidwa.

Tsono tafika pa dzulo. Agogo anu anamuuza Tadala kuti atenge njingayi azipitira ku ntchito kwake, popeza ndi iye yekha mwa inu amene amaigwira ndi ulemu. Mwanayu wandionetsa pafoni kuti kunja kuli anthu amene amasakasaka njinga zakale zoterezi n'kumazipachika pakhoma ngati chithunzi. Amuna onse ndi amodzi, kaya akuda kaya oyera. Ndiye Tadala akuipukuta pabwalo apa, anatsitsa kaliyala pamsomali, ine n'kuyamba kumasula mfundo. Amvekere, “Anganga, musavutike. Mabawuti alipo kale pafelemu pomwepa.”

Ndinati, “Ati chiyani?”

Anandilozera. Pa paipi yotsika kuchokera ku mahandulo pali timitu tiwiri. Pa paipi ya pansi pa chishalo palinso tiwiri. Ati m'pomangira chogwirira botolo la madzi. Ine ndinkationa masiku onse, ndinkayesa ndi zokongoletsa. Tadala anatenga limodzi la anga n'kuliyandikiza. Mutu womwewo, kabowo komweko, kukula komweko. Anayi.

Zaka zonsezi ine ndikuyenda ndi mfundo ngati mlonda wa banki, kumeneko njinga ikuyenda ndi mabawuti akeake pamimba, kaliyala ali pamsomali panja, kakiyi kali pamwamba pa chitseko. Ndikapita kudimba tsiku lonse, ndikapita ku maliro kogona, chinkawaletsa n'chiyani? Munthu amene anandibisirapo mabowo angalephere kundibisira mabawuti? Ndinamuona Filesi ndi kanjira kake ka m'mano ngati ndi dzulo. Ndi pamene munandimva ndikukuwa paja, nkhuku n'kubalalika.

Ndinakaima patsogolo pa agogo anu pakhondepo. “Bambo a Esinala, munkadziwa?”

Makutu aja anachira nthawi yomweyo. “Ndinkadziwa.”

“Kuyambira liti?”

“Tsiku limene ndinabwera nawo a ku Limbe aja. Nditamanga ndinaona kuti ndavutika chabe, ofanana nawo anali pomwepo.”

“Ndiye mwanyamulapo angati ine kulibe? Nenani lero, ndikadali ndi mphamvu yokuthamangitsani pamudzi pa amayi anga!”

Inu munaseka pamenepo, ndinakumvani. Koma ine misozi inali m'maso. Iwo sanaseke. Analoza njinga ndi ndodo yawo n'kuti, “Musafunse ine, ine ndinakunamizanipo kale. Funsani dzimbiri.”

Tadala analowetsa kakiyi pa bawuti loyamba la botolo lija, anakanikiza. Silinasunthe. Anayesa lachiwiri, lachitatu, lachinayi, mpaka kakiyi kanayamba kupindika. Anapala pang'ono ndi mpeni, tinawerama tonse awiri. Dzimbiri linagwirana ndi felemu ngati chinthu chimodzi, ndipo m'mphepete mwa mitu yake utoto wobiriwira uja unali wosakandika ngakhale pang'ono. Pamene mabowo anayi akumbuyo aja, omangamo ndi kumasula Lamulungu lililonse, utoto unatha kalekale, chitsulo chili mbee. Mwanayu anati, “Anganga, awa chiwamangireni kwawoko sanazungulirepo.”

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Nditapeza mpweya ndinati, “Nanga osandiuza bwanji? Munkabwera ndi chipewa m'manja kudzapempha chinthu choti muli nacho?”

Anati, “Ndikanakuuzani, mukanamanga chiyani pansalupo?”

Ndi zimenezotu. Tsopano sekani ngati mukufuna.

Tadala, mawa uwatenge Adona. Ndaona mmene agogo ako akuwayang'anira kuyambira m'mawa, maso ali tong'o, ine chikwatiwire sanandiyang'anepo nthawi yaitali choncho. Achoke ndipume. Usawagoneke panja, usawaonetse moto wa owotcherera, ndipo munthu akakuuza kuti uwapake utoto wina umuuze abwere adzalankhule ndi ine. Ochita dzimbiri anayiwo usawathire mafuta, usawakhudze, ndi mboni zanga. A kaliyala ukagule ako, wanena wekha kuti masiku ano ali mbwee m'masitolo a pa Chitakale. Usandiuze kuti anayamba liti kupezeka pafupi chonchi, sindikufuna kudziwa.

Awa a pansaluwa ndi anga, ndidzapita nawo. Ndipo ukamupeza Filesi panjira ya kuchigayo, ngakhale akutsimphina ndi ndodo, umupatse moni mwaulemu, koma usamunyamule.